Mng'ono Wanga Anabwera Kudzafuna Manda

Ndinali kumunda ndikukolola chimanga pamene amuna anga anafika pa njinga kudzandiitana. Anati kwa sekeretaliyo, mlembi wa mudzi, kwaima galimoto yochokera ku Tete, ndipo mwatuluka mayi wina amene akufunsa za mbumba yathu. Ndinawafunsa ngati ndi wa boma. Anati ayi, ndi munthu wakuda ngati ife tomwe, koma Chinyanja sakuchidziwa ngakhale moni, ndipo wabwera ndi womumasulira.

"Ali ndi pepala," anatero amuna anga. "Papepalapo pali dzina la amayi anu ndi la amalume anu."

Ndinakhala pansi pa mapesi. Sindinafunsenso china, chifukwa ndinadziwa kuti ndi ndani. Amuna anga ankadziwa kuti ndinali ndi mng'ono wanga amene anatengedwa ali khanda, koma momwe anatengedwera ndinali ndisanawauzepo.

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Zambia. Itatha tinabwerera kwathu, kufupi ndi Mualadzi, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Mudzi tinaupeza uli tchire, zitsime zitakwiririka. Abambo anadwala chifuwa ndipo anamwalira tisanakolole koyamba, kusiya amayi ali oyembekezera. Mwana anabadwa mvula ili pakati, m'nkhokwe mulibe kanthu. Anali wamkazi. Patapita masiku ochepa amayi anadwala malungo aakulu, ndipo malungowo atachoka mutu wawo sunabwerere. Ankakhala pakhonde kuyang'ana kutali. Ukawapatsa mwana ankangomuika pansi ngati mtolo wa eni. Mkaka unauma. Ine ndinkasefa phala la madzimadzi n'kumamudonthezera m'kamwa ndi chala. Ankalira mpaka mawu kutha, kenako ankangoyasamula popanda mawu.

Amalume, alongo awo a amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Anamva kuti mumzinda wa Tete muli nyumba yosungirako ana amasiye, ndipo kumeneko kuli mkaka wa m'chitini. Anagamula kuti mwana apite akakhaleko mpaka atayamba kudya. Tinakwera lole ya chimanga, ine nditamubereka kumbuyo, ndipo tinayenda masiku awiri. Tili pafupi kufika amalume anandiuza kuti:

"Akakufunsa za amako, ukhale chete. Kumeneko salandira mwana amene make ali moyo."

Tinalandiridwa ndi mayi wina amene anali ndi buku lalikulu. Ankalankhula Chiputukizi ndi amalume. Ine Chiputukizi ndinali ndisanachidziwe, popeza sukulu ndinayambira ku Zambia, koma mawu otanthauza kuti munthu anamwalira ndinkawadziwa, ndipo ndinawamva kawiri. Mayiyo anandiyang'ana n'kundifunsa kena kake. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Amalume anadinda chala papepala. Anamumasula mwana kumbuyo kwanga, ndipo msana wanga unamva kuzizira njira yonse yobwerera.

Amayi anachira patapita pafupifupi chaka. Chinthu choyamba chimene anafunsa bwinobwino chinali mwana wawo. Amalume anati adikire akule pang'ono. Chaka china anatinso njira ndi yoipa. Chaka chachitatu amayi anagulitsa mbuzi, nanditenga ine kuti ndikawalankhulire, popeza pamenepo n'kuti nditaphunzira Chiputukizi kusukulu.

Tinapeza mayi wina, osati woyamba uja. Anatsegula buku, nayendetsa chala, n'kunena kuti mwanayo anatengedwa ndi banja la azungu lopanda ana, ali ku Ulaya, ndipo zonse zinadutsa kukhoti chifukwa makolo ake onse awiri anamwalira. Kenako analoza amayi n'kundifunsa kuti awa ndi ndani. Ndinaganiza za chala cha amalume papepala lija, ndi za mutu wanga umene ndinagwedeza. M'maganizo ndinaona amalume akumangidwa, ine limodzi nawo. Ndinayankha kuti ndi azakhali ake a mwanayo.

"Akuti chiyani?" anandifunsa amayi.

"Akuti anapita naye kunja kuti akaphunzire. Akadzakula adzabwera."

Amayi analira pabenchi pomwepo, koma anandikhulupirira. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sindinalinso mwana woti sadziwa chimene akuchita.

Kuyambira pamenepo amayi anakhala akudikira. Sankalankhula za iye tsiku ndi tsiku, koma anthu a kalembera akabwera ankamuwerengera pamodzi ndi ife, n'kunena kuti ali kusukulu. Kumunsi kwa munda wathu kuli chigawo cha nthaka yakuda chimene anakana kupatsa aliyense, ati n'cha wamng'ono. Ine nditayamba ntchito ya uphunzitsi anandiuza kawiri kuti ndimulembere kalata. Ndinalemba zonse zimene anandiuza, ndipo ndinawawerengera. Kotumiza kunalibe. Makalatawo ndinawasunga m'sutukesi mpaka chiswe chinawadya. Ndinapitako ku Tete kangapo pa nkhani za ntchito, ndipo sindinapondeko ku nyumba ija. Amayi anamwalira atakalamba, imvi zili mbuu, mvula ziwiri galimoto ija isanafike.

Ndinafika kwa sekeretaliyo ndili ndi zitsotso za chimanga m'mutu. Mlendoyo anali atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, atavala buluku ndi nsapato zokwera mapiri. Ataimirira ndinaona amayi. Mphumi inali yawo, mpata wa mano unali wawo, ngakhale kapendekedwe ka khosi pomvetsera. Womasulira anali mayi wachikulire wa ku Tete, wolankhula Chinyanja chosakanikira ndi Chinyungwe. Anati:

"Akufunsa ngati inu mumadziwa mayi wa dzina ili."

"Ndi amayi anga. Awuzeni kuti ine ndine mkulu wawo. Ndine ndinawabereka kumbuyo popita nawo ku Tete."

Atamva anagwira pakamwa. Kenako anandigwira manja onse awiri n'kumawayang'ana, kuwatembenuza uku ndi uku. Analira, inenso ndinalira, ndipo anthu amene anasonkhana anawomba m'manja.

Tinapita kwathu. Ali pamphasa anafotokoza momwe anatipezera. Makolo amene anamulera anamupatsa envulopu ya mapepala ake atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Munali pepala la kukhoti, ndi lina lakale lokhala ndi chidindo cha chala. Atafika ku Tete anapeza kuti nyumba ya ana ija inatsekedwa kalekale. Anayenda m'maofesi milungu itatu mpaka anapeza mabuku ake m'chipinda china, ena atanyowa, ena atadyedwa. Tsamba lake linalipo theka. Dzina la amayi analilemba molakwika, ndipo la mudzi silinkawerengeka. Kuboma ku Chifunde anamuuza kuti za nthawi imeneyo alibe chilichonse. Anayamba wapita ku Nsadzo, kumene banja lina linamulandira kuti ndi wawo, mpaka zinaoneka kuti mwana wawo wotayikayo anali wamwamuna. Kumeneko n'kumene mkulu wina anazindikira dzina la amalume n'kumulozera kuno.

Womasulira anapitiriza kuti: "Akuti sanafulumire kubwera chifukwa ankadziwa kuti makolo onse anamwalira. Anaphunzira, anakwatiwa. Koma atabereka mwana wawo anayamba kuganiza za mayi amene anafa powabereka iwo. Akuti sakufuna kanthu kwa inu. Akungofuna kuona abale, ndiponso manda a amayi awo."

Amuna anga anandiyang'ana. Akazi awiri apafupi amene anabwera kudzathandiza kuphika anayang'anana. Koma nkhani ya mbumba sayamba ndi wapadera. Ine ndinati za kumanda zimafuna akuluakulu, tidzapita mawa. Alendowo anakagona kunyumba ya alendo ku Mualadzi.

Dzuwa lisanalowe ndinapita kwa amalume. Anali atakalamba kwambiri, maso atasiya kuona, ndipo ankakhala pakhonde tsiku lonse. Nkhani inali itawafika kale.

"Wabwera?" anafunsa.

"Wabwera. Akufuna manda a amayi. Akudziwa kuti anamwalira pomubereka."

Anasisita bondo.

"Manda a amako mtumbira wake sunaphwe. Adzaona kuti ndi atsopano. Mukamuonetse a mayi ako aakulu, amene tinaika titangobwera kuchokera ku Zambia. Magazi ndi amodzi omwewo. Akufuna manda, mpatseni manda, azipita ndi mtima wogona."

"Nanga anthu?"

"Anthu sadziwa chilankhulo chake. Womasulirayo ndi wakudza. Udzamupweteka bwanji munthu ndi chinthu chimene sangachibweze?"

Sindinawatsutse. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti mwina akunena zoona. Ndinawauza amuna anga zonse, kuyambira pa lole ija. Anamvetsera osandidula, kenako anati nkhaniyi ndi yanga, koma iwo kumandako sapita nawo ngati tikukaloza manda a munthu wina.

M'mawa alendo anafika dzuwa litangokwera. Tikudikira akuluakulu, mng'ono wanga anafunsa ngati pali chithunzi cha amayi, ngakhale chimodzi. Anati moyo wake wonse sanaonepo nkhope ya munthu amene amafanana naye. Ndikanatha kunena kuti palibe, ndipo akanakhulupirira, pakuti ndani ankajambulitsa nthawi ya nkhondo? Ndinalowa m'nyumba. Chithunzi chinalipo chimodzi chokha, cha pa chitupa chawo cha boma, chimene anajambulitsa ku Chifunde atakalamba kale. Ndinaima nacho m'manja kuseri kwa chitseko. Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangotopa. Ndinatuluka n'kumupatsa.

Anachilandira ndi manja awiri akumwetulira. Anayang'ana nkhope, kenako imvi. Kumwetulira kunatha pang'onopang'ono. Anatembenuza chitupacho n'kuwerenga chaka chimene chinaperekedwa. Manambala safuna womasulira. Analankhula mawu ochepa, motsitsa.

"Akufunsa kuti amayi anamwalira liti."

"Papita mvula ziwiri."

Womasulira anandiyang'ana kaye asananene. Atanena, mng'ono wanga anayamba kuwerenga zala zake, kuyambira chaka chimene anapatsidwa envulopu ija. Anawerenga kawiri. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo tinamumva akusanza. Atabwerako anakhala pampando, osatinso pamphasa pafupi ndi ine.

"Akuti zaka khumi zathunthu anali ndi mapepala, anali ndi pasipoti, ndipo amayi awo anali moyo pano. Akufunsa ngati amayiwo anawafunafunapo."

Ndinafotokoza. Ndinanena za matenda a amayi, za phala la pachala, za mawu a amalume palole, za mutu umene ndinagwedeza. Ndinanena za mbuzi imene anagulitsa ndi za ulendo wachiwiri wa ku Tete. Nditafika pa mawu akuti azakhali, womasulira anaima.

"Mayi, ndinene zimenezinso?"

"Nenani zonse."

Ananena. Mng'ono wanga sanandiyang'anenso. Anafunsa ngati amayi anamwalira akudziwa kuti papepala analembedwa kuti ndi wakufa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati anamwalira akuganiza kuti iye akudziwa za iwo koma sakufuna kubwera. Funso limenelo ndinali ndisanadzifunsepo. Ndinakumbuka kuti m'zaka zawo zomaliza amayi ankati mwina kumeneko akukhala bwino kwambiri, n'chifukwa chake watiiwala. Ndinamuuza zimenezonso.

Anapempha kuonana ndi amalume. Tinawapeza pakhonde pawo atavala jekete, ngati munthu woyembekezera mlandu. Anatambasula dzanja kuti amugwire, koma iye anaima patali.

"Muuzeni kuti ndikanapanda kunama bwenzi ali kumanda komwe akufuna kupitako," anatero amalume. "Ana atatu anafa m'mudzi muno mwezi umene iye anabadwa. Ine ndinawakumbira ndi manja angawa."

Womasulira anabweza yankho la mng'ono wanga: "Akuti zimenezo akuzimva, ndipo pa tsiku limenelo sakukuimbani mlandu. Akufunsa za masiku enawo. Amayi awo atachira, munalekeranji kupita kukanena zoona?"

"Ndinkaopa ndende."

"Akuti nanga patapita zaka khumi? Makumi awiri?"

Amalume anati: "Ndinkachita manyazi ndi mlongo wanga." Kenako anayamba kunena za nkhondo, za njala, za momwe anthu a masiku ano sadziwira mavuto. Iye sanadikire kuti zimasuliridwe. Anatembenuka n'kumapita.

Kumanda tinapitabe masana, akuluakulu awiri ali patsogolo. Anawomba m'manja polowa, nawauza amayi kuti mwana wawo uja wafika. Akazi amene anatiperekeza ankayembekezera kuti alira mokweza kuti amulandire maliro, monga timachitira munthu akafika mochedwa. Iye anangoima, manja ali m'matumba, akuyang'ana mtumbira. Ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti Chizungu chinamuumitsa mtima. Patapita nthawi analankhula osatembenuka, ndipo womasulira anabwera pafupi nane.

"Akupempha kuti inu mutuluke. Enawa akhoza kukhala."

Ndinatuluka. Ndinakakhala pachitsa m'mbali mwa njira, kumene ndinkamva mawu ake akulankhula yekha m'chilankhulo chake, nthawi yaitali. Chimene anawauza amayi sindikuchidziwa. Womasulira anati nayenso sanamve, chifukwa sichinali Chingerezi chimene awiriwo ankalankhulirana.

Pobwerera ndinamuonetsa chigawo cha munda chija, n'kumuuza kuti amayi anamusungira. Anachiyang'ana ali panjira, nafunsa kuti akulimamo ndani. Ndinati ine. Anati ndipitirize.

Ananyamuka tsiku lomwelo. Anapempha chitupa cha amayi, ndipo ndinamupatsa. Anandipakanso kathonje m'kamwa n'kukatsekera m'kabotolo, ati akayezetse ngati tilidi pachibale, popeza mapepala amunamiza kokwanira. Nkhuku imene tinamuphera sanadye. Polowa m'galimoto anapatsa moni amuna anga ndi ana anga mmodzimmodzi. Ine anandigwira dzanja mwachidule, monga amachitira munthu ndi wogwira ntchito muofesi.

Patapita miyezi iwiri uthenga unabwera pa telefoni ya mwana wanga wamkulu, m'Chiputukizi chomasuliridwa ndi makina. Zoyeza zija zinasonyeza kuti ndife a mimba imodzi. Anapempha kuti ndimupezere kalata ya boma yotsimikiza imfa ya amayi, yokhala ndi chaka chenicheni, kuti akakonzetse mapepala ake. Imfa ya amayi sitinakailembetse, monga ambiri kuno salembetsa. Ndinapita ku Chifunde katatu pa njinga yamoto, mpaka nthawi ya mvula inafika, msewu uli matope. Ulendo woyamba anafuna kalata ya sekeretaliyo. Wachiwiri anafuna mboni ziwiri ndi chitupa cha malemu, chimene chinali ku Ulaya, moti tinachita kudikira kuti atumize chithunzi chake. Wachitatu anandipatsa. Ndinabwera nayo nditaikulunga m'pulasitiki pansi pa bulauzi, ndikuganiza kuti mwina ichi chokha ndachita bwino.

Yankho linachedwa. Litabwera linati wafunsa odziwa malamulo kumeneko, ndipo amuuza kuti akakonzetsa, ndiye kuti kuleredwa kwake konse kunachokera pa bodza, ndipo makolo ake okalambawo adzayenera kukaima kukhoti pa chinthu chimene sankachidziwa. Anati amayi ake akumeneko akudwala, sangawachite zimenezo. Mapepala ake anawasiya momwe analili.

Amalume anamwalira chaka chathachi. Ndinamutumizira mng'ono wanga uthenga, ndipo anayankha ndi mawu amodzi, akuti wamva. Amalemba mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa miyezi inayi. Amafunsa za matenda a m'banja mwathu, ngati alipo wa shuga kapena wa mtima, chifukwa adokotala a mwana wake amafunsa. Tsiku lina anafunsa kuti amayi ankakonda kuimba kapena ayi, ndipo ankaseka bwanji. Ndinalemba masamba atatu, mwana wanga nawajambula n'kutumiza. Anathokoza. M'mauthenga ake amanditchula sinyora, monga momwe makolo a ana a sukulu ankanditchulira. Sindikudziwa ngati ndi makinawo amasankha mawu amenewo kapena ndi iye, ndipo sindinafunse.

Uthenga wake womaliza unabwera mwezi watha. Akuti mwana wake akadzafika zaka zoti angakumbukire, adzabwera naye kuti adzaone kumene agogo ake anagona. Akuti adzagona ku Chifunde, ndipo adzangofika kwa tsiku limodzi. Wapempha kuti odzawatsogolera kumanda adzakhale amuna anga. Ndinamuuza mwana wanga kuti ayankhe kuti palibe chovuta, adzawapeza.